Nyamulani zitsulo asisi, koma msambo usasiye

Mtsikana akangoika chithunzi pa Facebook ali ku jimu, mapewa atatambasuka, mikono ili gwa, timadziwiratu zomwe anthu alembe. "Ameneyu ndi mwamuna." "Adzakukwatira ndani?" "Ukufuna uzidzamenya amuna ako?" Akanenanso kuti akukonzekera mpikisano, kuti adzakwera pa siteji atavala bikini n'kuonetsa minofu yake pamaso pa majaji, ndiye basi, bwalo lakhala, mlandu wazengedwa, chigamulo chaperekedwa.

Ife tili mbali ya mtsikanayo, ndipo sitikubisa. Dziko lino linakhalapo ndi lamulo la mu 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linagwira ntchito pafupifupi zaka 20. Mu Januwale 2012, lamulolo litatha kalekale, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula amayi pamsewu chifukwa cha mathalauzi omwewo. Ndiye munthu akayamba kutiuza kukula kwa mkono komwe kuli koyenera mkazi, mawuwo timawazindikira. Anyamata adzitho timawaombera m'manja. Mtsikana wonyamula zitsulo zomwezo alakwa chiyani?

Koma kukhala mbali ya munthu si kumangomuikira timitima pansi pa chithunzi. Ndi kumuuzanso zomwe chithunzicho sichionetsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi eni masewerawa. Mpikisano waukulu wa amayi, Ms. Olympia, unayamba ku America mu 1980 ndipo anapambana ndi Rachel McLish. Lenda Murray anadzapambana kasanu n'katatu. Iris Kyle anapambana ka 10, kuposa mwamuna aliyense pa Mr. Olympia. Mphoto yake? Mu 2004 akuluakulu a bungwe la IFBB analembera amayi opikisana kalata yowauza kuti achepetse minofu ndi 20 peresenti. Amuna sanalandire kalata yotero. Chitatha chaka cha 2014, Ms. Olympia anangoyimitsidwa, n'kudzabwereranso mu 2020. Mu 2023 mwamuna wopambana analandira madola 400,000, pomwe Andrea Shaw, wopambana kwa amayi, analandira 50,000. Njala yofanana, thukuta lofanana.

Lero magawo alipo ambiri. Bikini inalowa ku Olympia mu 2010, Physique mu 2013, Wellness mu 2021, kuonjezera pa Fitness ndi Figure zomwe zinalipo kale. Izi zatsegulira khomo atsikana ambiri, ndipo n'zabwino. Koma onetsetsani: gawo lililonse lili ndi muyezo wake wa m'mene mkazi ayenera kuonekera, ndipo muyezowo umasintha malinga ndi zomwe majaji akonda chaka chimenecho. Ukathawa azakhali okuuza kuti unenepe kuti uoneke wosamalidwa, n'kukagwa m'manja mwa kochi wokuuza kuti uume ngati nkhuni, sunamasuke ayi. Wangosintha bwana.

Kukonzekera kwenikweni kuli pawiri. Poyamba ndi kumanga minofu, ndipo apa pamafunika miyezi yambiri, ngakhale zaka, ukudya mokwanira, ukugona bwino, ukuonjezera kulemera kwa zitsulo pang'onopang'ono. Kenako ndi kuchotsa mafuta kuti minofuyo ioneke, zomwe zimatenga masabata pakati pa 12 ndi 20. Akatswiri a kadyedwe ka ochita masewera amalangiza kutsika osapitirira 1 peresenti ya kulemera kwako pa sabata. Kwa mtsikana wa makilo 60, ndiye kuti magalamu 600 basi, osati makilo atatu. Wina akakulonjeza thupi la siteji m'masabata asanu ndi limodzi, akufuna ndalama zako.

Chakudya chomanga thupi chimafunika pafupifupi magalamu awiri pa kilo iliyonse ya thupi lako patsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Usipa, matemba, nkhuku, nyemba, soya, chambiko, zonsezi zimagwira ntchito, sikuti mpaka ugule chigubu cha ufa wodula chochokera kunja. Nsimanso si mdani. Mpunga, mbatata ndi nsima ndi zomwe zimakupatsa mphamvu zonyamulira chitsulocho. Nkhani ndi muyezo, osati kusala.

Tsopano nkhani yomwe ambiri sakamba, mwina chifukwa makochi ambiri ndi amuna: msambo. Thupi likamalandira chakudya chochepa kuyerekeza ndi ntchito yomwe likugwira, ubongo umaona ngati kwagwa chilala. Umayamba kutseka zomwe ukuona kuti zingadikire, ndipo zoyamba kutsekedwa ndi zokhudza kubereka. Mahomoni achikazi amatsika, msambo umayamba kudumpha, kenako umasiya. Mahomoni omwewo ndi amene amateteza mafupa, ndipo mafupa amamangika kwambiri tisanafike zaka 30. Zomwe wataya uli ndi zaka 22 sizibwerera zonse. Vutoli ndi lodziwika moti komiti ya Olimpiki ya padziko lonse inalipatsa dzina mu 2014, RED-S, ndipo limakhudzanso mtima, chitetezo cha m'thupi ndi maganizo.

Ndiye wina akakuuzani kuti kusiya kusamba ndi chizindikiro choti pulogalamu ikugwira, akunama. Miyezi itatu osaona msambo, mulibe mimba, pitani ku chipatala ndipo muuze dokotala zomwe mukudya ndi m'mene mukuchitira masewera. Amene muli pa jakisoni wolera kapena mapilitsi, samalani kwambiri, chifukwa njirazi zimatha kusintha msambo pazokha n'kubisa chizindikirochi. Yang'anani zina: kuzizidwa kunja kukutentha, tsitsi kuthothoka, kusowa tulo, kupsa mtima ndi zazing'ono, kuvulala pafupipafupi.

Kenako mankhwala. Pali timapilitsi tomwe amati "tofewa, ta atsikana," monga Anavar. Amenewo ndi masiteroidi, opangidwa motengera homoni yachimuna. Amatha kukulitsa mawu, kumeretsa ndevu, kusintha ziwalo zobisika, kuononga chiwindi, ndipo ngati uli ndi mimba osadziwa amafikanso kwa mwana. Mawu akakula nthawi zambiri sabwerera, ngakhale utasiya kumwa. Clenbuterol, yemwe amati amasungunula mafuta, amathamangitsa mtima ndi kunjenjemeretsa manja. Oopsa kwambiri ndi mankhwala okodzetsa omwe ena amamwa sabata yomaliza kuti khungu limate pa minofu. Amatulutsa madzi pamodzi ndi mchere womwe mtima umadalira kuti ugunde bwino. Mu 2021 Alena Kosinova wa ku Czech Republic anamwalira ku Spain pa tsiku lomwe amayenera kukwera pa siteji. Chikho chake chinali chiyani choposa ana ake?

Ena anena kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wosankha chochita ndi thupi lake. Eya, ndi mfundo yathu yomweyo. Koma kusankha kumafuna kudziwa. Mtsikana wopatsidwa mapilitsi m'kapepala kopanda dzina, n'kuuzidwa kuti ndi mavitamini, sanasankhe kanthu. Wachitiridwa nkhanza.

Ndipo nkhanza m'masewerawa si za mankhwala okha. Kochi amadziwa kulemera kwako, amakuuza chodya, amalandira zithunzi zako sabata iliyonse utavala zochepa kuti aone m'mene thupi likusinthira. Imeneyo ndi mphamvu yaikulu m'manja mwa munthu m'modzi. Mu 2022 nyuzipepala ya Washington Post inafalitsa kafukufuku woonetsa kuti amayi opikisana ku America ankakakamizidwa kujambulidwa ali maliseche ndi anthu oyandikana ndi akuluakulu a masewerawa, ndipo ena ankaopa kuti akakana sadzapambananso. Ngati zinachitika kumeneko, kuno kumene aliyense amadziwana ndi aliyense tisadzinamize.

Palinso ndalama. Chovala cha pa siteji, nsapato, zodzola, malipiro olowera, kochi, chakudya, ndipo ukafuna mipikisano ikuluikulu monga Arnold Classic Africa, yomwe inayamba ku Johannesburg mu 2016, pamafunika ulendo ndi malo ogona. Apa ndi pomwe amatulukira "othandiza" aja, omwe thandizo lawo limabwera ndi nambala ya chipinda. Werengerani ndalama zonse musanayambe, kuti pasadzakhale munthu wokugwirani pakhosi mutafika pakati.

Safunsa anadya phula. Musanapereke tambala kwa kochi, mufunseni kuti anaphunzira kuti za kadyedwe, ndipo wakonzekeretsapo amayi angati. Lankhulani ndi amayiwo iye palibe. Mufunseni kuti adzatani msambo wanu ukasiya, akaseka, tulukani. Chilichonse chomwe akupatsani kuti mumwe, funsani dzina lake ndipo mukafunse kwa dokotala kapena ku famase. Gwirizanani polemba kuti zithunzi zanu sizipita kwina kulikonse popanda chilolezo chanu. Akayamba zogwiragwira kapena mauthenga a usiku, sungani umboni. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo lamulo la 2016 la za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni ndi pa makina.

Mufunseninso za tsiku lotsatira mpikisano. Thupi la pa siteji ndi la tsiku limodzi. Ngakhale akatswiri sakhala choncho chaka chonse. Mpikisano ukatha njala imabwera ngati chigumula, makilo amabwerera, ndipo ayenera kubwerera. Atsikana ambiri apa ndi pomwe amayamba kudana ndi galasi, kudya mobisa, kusala, kudyanso. Kochi wabwino amakhala ndi dongosolo la masabata amenewo. Woipa amakhala atapita kale kwa kasitomala wina.

Kwa eni majimu ndi okonza mipikisano, pempho lathu ndi lachidule. Phunzitsani ndi kulemba makochi achizimayi. Pa gome la majaji pakhale amayi. Pa tsiku la mpikisano pakhale achipatala. Mphoto zifanane. Pakhale munthu wodziwika wolandira madandaulo, yemwe si mnzake wa kochi.

Kwa inu olemba zonyoza, mkono wake si wanu, ndipo sanakufunseni za ukwati.

Ndipo kwa iwe amene ukunyamula zitsulo m'mawa uliwonse usanapite ku ntchito kapena ku kalasi, pitiriza. Tikufuna tidzakuone pa siteji, tidzakuwe mpaka mawu kutha. Tikufunanso tidzakuone uli ndi zaka 50, mafupa ali olimba, mawu ali ako, ukunyamulabe.

Tumizirani mnzanu amene akukonzekera. Amene munapikisanapo, tiuzeni m'munsimu: ndi chiyani chomwe munafuna mukanauzidwa musanayambe?