Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo

Mwambi umenewu akuluakulu amaunena kwa mwana amene wangophunzira pang'ono n'kuyamba kuchita manyazi ndi makolo ake. Lero ndikuunena kwa achinyamata athu amene ali ndi mtima wolemba nkhani, ndipo mboni yanga ndi mayi wina wa kutali, Sandra Cisneros.

Cisneros adabadwira ku Chicago mu 1954, mtsikana yekhayo m'banja la ana 7. Bambo ake adachokera ku Mexico ndipo ntchito yawo inali yokuta mipando ndi nsalu. Mayi ake adabadwira ku America komweko, koma makolo awo anali a ku Mexico. Banjali silinkakhazikika: chaka chino ku Chicago, chaka chinacho ulendo wa ku Mexico City, pobwerako n'kuyambanso kufunafuna nyumba ya lendi. Adadzagula kanyumba kawokawo m'dera la Humboldt Park ku Chicago komweko mtsikanayu ali ndi zaka 11.

Atamaliza digiri ku Loyola University mu 1976, adapita ku Iowa Writers' Workshop, sukulu yotchuka yosula alembi. Tsiku lina m'kalasi ankakambirana buku la Mfalansa wina, Gaston Bachelard, lonena za nyumba ndi zimene munthu amakumbukira za momwe adakulira. Anzake ankasimba mosavutika za nyumba zazikulu, zokhala ndi zipinda kudenga ndi zina pansi pa nthaka. Iye m'mutu mwake munkangobwera timanyumba ta lendi tothithikana. Manyazi adamugwira. Koma ali m'manyazi momwemo adazindikira kuti moyo umene ankaubisawo ndi umene mnzake aliyense m'kalasimo sakadatha kuulemba.

Kuchokera pamenepo padabadwa buku la The House on Mango Street, lomwe lidasindikizidwa mu 1984 ndi Arte Público Press ku Houston. Ndi timitu tatifupitifupi, wosimba wake ndi kamtsikana kotchedwa Esperanza, dzina lotanthauza chiyembekezo. Muli anthu a mumsewu momwe adakulira, mulinso mavuto a ophunzira amene iye ankawaphunzitsa ku Chicago, ana oti sukulu adaisiyapo n'kudzabwereranso. Bukuli lagulidwa makope mamiliyoni, lamasuliridwa m'zinenero zoposa 20, ndipo mu 2016 Pulezidenti Barack Obama adamuveka mlembiyu mendulo ya National Medal of Arts.

Koma ine mphoto imene imandigwira mtima ndi ina. Cisneros mwini adasimba kuti bambo ake sankawerenga zolemba zake chifukwa zinali m'Chingerezi, ndipo ankaona ngati phindu la koleji kwa mwana wamkazi n'kupezako mwamuna. Patapita zaka, nkhani yake ina yonena za Tepeyac, dera limene bamboyo adakulira, idamasuliridwa m'Chisipanishi. Adawapatsira ali gone pabedi, atadwala sitiroko. Mkuluyo adawerenga mzere ndi mzere, akuseka, akufunsa ngati munthu wakutiwakuti wa m'nkhanimo ndi uje amene iwo akumudziwa. Atamaliza adafunsa komwe angapeze makope ena oti agawire abale. Chimene chidafewetsa mtima wa bamboyo n'choti adaona kwawo papepala.

Nkhani zambiri za achinyamata athu zimene ndimawerenga zimandimvetsa chisoni. Luso lilipo ndithu, koma zimachitikira m'mizinda imene wolembayo adangoiona pa foni, ndipo anthu ake ali ndi mayina oti sitidawamvepo pamudzi. Pomwepo agogo ake akukazinga chimanga m'phale uku akusimba za njala ya 1949, mayi ake akudzuka mbandakucha kukazinga mandasi a fizi, malume ake adabwerako ku Joni ndi sutikesi imodzi yokha. Zonsezi akuziyesa zopanda pake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Zakutalizo eni ake akuzilemba kale, koma za pakhomo panu ukazisiya palibe wina adzazitole.

Tisaumve molakwa mwambi wathu. Sukunena kuti mwendo wa mayiyo ndi wonenepa. Ukuvomera kuti ndi wochepadi, koma mwini mwendoyo ndi mako basi. Cisneros sadakometsere kwawo. Adalemba za atsikana okwatiwa akadali aang'ono, za mkazi wotsekeredwa m'nyumba ndi mwamuna wake, za mwana womenyedwa ndi bambo ake. Adalemba zimenezi ngati mwana wa pakhomopo amene zikumupweteka, ndipo n'chifukwa chake atsikana ambiri a mtundu wake adadziona m'bukumo. Mu 1995 adayamba kusonkhanitsa alembi ena patebulo la m'khitchini mwake ku San Antonio, gulu lomwe lidatchedwa Macondo, kuti nawonso apeze mawu awo.

Iwe amene ukufuna kulemba, madzulo ano khala pamphasa pafupi ndi mayi ako. Uwafunse za tsiku limene adakubereka, za mvula ya chaka chimenecho, za amene adawaperekeza kuchipatala. Ukatero, tenga cholembera.