Liwu la "Slim" ndi Msampha wa Dikishonale

Mnyamata amene wangomaliza Fomu 4 akatsegula dikishonale apeza kuti mawu a Chingerezi akuti thin, skinny ndi slim onse amanena za kuonda. Msampha wagona pomwepo. Mawuwa salemera chimodzimodzi: thin amangonena zimene maso aona, skinny amanyoza, pamene slim amayamika. Mngerezi akauza mtsikana kuti ndi slim, wamutamanda. Akamuuza kuti ndi skinny, wamuchititsa manyazi.

Kwa wolankhula Chichewa nkhaniyi njovuta, pakuti kumudzi kuonda sikutamandidwa. Mwana akabwera ku tchuthi, agogo amanena mokondwa kuti "wanenepa". Akati "waonda" ndiye kuti ayamba kale kukayika ngati kusukuluko kuli chakudya. Tsono wophunzira womasulira slim kuti "woonda" wasandutsa chitamando kukhala dandaulo.

Mbiri ya liwuli ionetsa kuti silinakhale malo amodzi. Linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1600 kuchokera ku Chidatchi, kumene kale linkanena chinthu chokhota kapena choipa. Mpaka lero schlimm m'Chijeremani ndi chinthu choipa. M'Chiafrikaans, slim ndi munthu wochenjera. Nchifukwa chake Jan Smuts, amene anali nduna yaikulu ya South Africa kuyambira 1919 mpaka 1924, ndiponso kuyambira 1939 mpaka 1948, ankatchedwa Slim Jannie. Dzinali silinali kunena za thupi lake ayi, koma za kuchenjera kwake pa ndale, ndipo ambiri olitchula sanali kumuyamika.

Ku Uganda liwu lomweli linavala chisoni. M'chaka cha 1985 madokotala, pakati pawo David Serwadda ndi Nelson Sewankambo, analemba m'magazini ya The Lancet za nthenda yoondetsa imene anthu a ku Rakai ankaitcha slim. Nthendayo inali Edzi. Liwu losangalatsa namwali ku London linali kuliritsa mabanja m'mbali mwa nyanja ya Victoria.

Ngakhale pa Chingerezi cha masiku onse slim sanena za thupi lokha. Wofunsira ntchito akauzidwa kuti mwayi wake ndi slim asakondwere, pakuti amuuza kuti mwayiwo ngwochepa kwambiri.

Nkofunika tsono kuti aphunzitsi aleke chizolowezi cholemba pa bolodi mndandanda wa mawu "ofanana" kuti ana aloweze. Liwu lililonse liphunzitsidwe m'chiganizo, ndipo ana adziwe wolinena, womuuza ndi dziko limene likunenedwa. Mayeso akhoza kukhululukira mwana wosokoneza slim ndi skinny, koma mlendo wonyozedwa mu ofesi sakhululuka msanga. Naye wotsiriza sukulu asachite manyazi kufunsa kulemera kwa liwu asanalitulutse pakamwa. Pajatu akuluakulu anati safunsa anadya phula.