Ufulu wa Hong Kong udali fodya wa pachala

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo.

Pomwe Britain imabweza mzinda wa Hong Kong ku China mu 1997, anthu akumeneko adalonjezedwa kuti makhoti awo ndi ufulu wolankhula sizisintha kwa zaka 50. Koma mphamvu yodzisankhira mtsogoleri sadapatsidwe.

Mu 2019 namtindi wa anthu udadzaza misewu kukana bilu yotumiza oganiziridwa milandu ku China. Biluyo idathetsedwa, koma mu 2020 Beijing idabweretsa lamulo lokhwima la chitetezo.

Ena akuti ziwawa za pazionetsero ndizo zidaputa izi. Ziwawa zidalipodi. Nanga anthu 45 omwe adagamulidwa kukhala kundende mu 2024 chifukwa cha chisankho cha chipulula, adaswa galasi la yani?

Abale anga, wolamula yemwe simungamuchotse ndi voti, lonjezo lake musaliwerengere.