KUTUKWANA M'NTHANO: BUKU LILIBE MPANDA



Loweruka lina mwezi watha, gulu lathu la acinyamata kuno ku Chongwe linali ndi tsiku loonetsa mphatso. Ena anaimba, ena anacita sewero, ndipo mnyamata wina wa ku sekondale anaimirira ndi kope lake kuti atiwerengere nkhani imene analemba yekha m'Cinyanja. Inali nkhani yokoma ndithu: mtsinje unauma cifukwa cinjoka ca mitu itatu cinagona pa kasupe, ndipo mtsikana wamasiye ananyamuka ndi mkondo wa malemu atate ake kuti akaciphe. Tonse tinali cete, ngakhale aja amene sasiyana ndi foni. Koma pamene msilikali wa mfumu anatsekereza mtsikanayo pa cipata, mlembi wathu anaika m'kamwa mwa msilikaliyo mau ochula amai a mtsikanayo ndi ziwalo zobisika. Anawawerenga mofulumira, mutu uli pansi. Anyamata a kumbuyo anafa nako kuseka, alongo athu atatu anatuluka, ndipo amai amene anali kusesa pakhonde anasiya tsache. Nkhani inathera pomwepo. Kufikira lero sitidziwa ngati mtsikana uja anapha cinjoka.

Titaweruka ndinamuitana pambali. Iye anati, "Akulu, umu ndi mmene alembera a kunja. Msilikali sangalankhule ngati mkulu wa mpingo." Mau amenewa ndinali kuwamva kawirikawiri ku koleji, ndipo tsopano afika m'magulu athu. Ndiye cifukwa cake ndalemba. Ine ndikuti nkhani za zinjoka, zimphona ndi maiko opeka, zimene m'Cizungu azicha fantasy, ndi zabwino kuziwerenga ndi kuzilemba. Koma kutukwana ndi zolaula zilibe malo m'menemo.

Poyamba ndiyankhe makolo

Nkhani ija itamveka, akulu ena anati bvuto ndi cinjokaco, ndipo mabuku onse otere ndi a Satana. Mwaulemu ndikukana. Pa Oweruza 9 Yotamu asimba za mitengo imene inapita kukafuna mfumu. Pa Cibvumbulutso 12 pali cinjoka ca mitu isanu ndi iwiri. John Bunyan, mlaliki amene anakhala zaka zambiri m'ndende cifukwa ca kulalikira, anatulutsa The Pilgrim's Progress mu 1678, ndipo m'menemo muli zimphona ndi cilombo colimbana ndi mlendo wa ku mzinda wa kumwamba. Nanga ambuya athu sanatilere ndi Kalulu, Fisi ndi mwana woumbidwa ndi dothi amene anali kuthawa mvula? Tikaletsa nthano cifukwa ca mau awiri oipa, tafanana ndi munthu wotentha nkhokwe pofuna kupha khoswe. Cimene cinalakwika tsiku lija ndi pakamwa pa msilikali basi.

"Ndi mmene anthu alankhulira"

Mfundo yaikulu ya okonda kutukwana ndi yakuti nkhani iyenera kufanana ndi moyo weniweni. Ambiri anaitenga kwa George R. R. Martin, amene buku lake A Game of Thrones linatuluka mu 1996 ndipo linaonetsedwa pa TV kucokera mu 2011 kufikira mu 2019. M'nkhani zimenezo asilikali, mafumu ndi akazi omwe amatukwana kosaleka.

Ndibvomera kuti anthu amatukwana. Ndakwerapo basi pa Great East Road ndipo ndamva zimene zimatuluka pamene anyamata awiri alimbirana wokwera mmodzi. Koma si zonse zocitika m'moyo zimene mlembi amalemba. Msilikali amapitanso kuthengo tsiku ndi tsiku, koma palibe amene amadandaula kuti buku silinasimbe zimenezo. Kulemba ndi kusankha. Ndiponso ndi cinthu coseketsa kuti munthu amene wapeka cinjoka ca mitu itatu, napeka dziko, mfumu ndi mtsinje, afike pa kutukwana ndi kunena kuti apa pokha manja ake ndi omangika cifukwa ca coonadi. Dziko lonselo walipanga ndi iwe. Ngati msilikali wako atukwana ngati woledzera wa pa msika, wamulamula ndi iwe.

Taonani alembi awiri amene anaidziwa nkhondo ndi maso ao. J. R. R. Tolkien anali ku nkhondo ya ku Somme mu 1916, ndipo C. S. Lewis anabvulazidwa ku France mu 1918. Onse awiri anamva mmene asilikali alankhulira m'maenje. Komabe The Lord of the Rings, imene inatuluka mu 1954 ndi 1955, ndi mabuku 7 a Narnia a pakati pa 1950 ndi 1956, muli nkhondo, imfa ndi kuperekana, koma mulibe zolaula. Tolkien anacita kunena yekha kumapeto kwa buku lake kuti zilombo zochedwa Orc zinali kulankhula zonyansa kuposa mmene iye anazilembera. Anadziwa mauwo, nasankha kuwasiya. Kodi alipo amene anawerenga za zilombozo ndi kuganiza kuti ndi zofatsa?

"Nanga Baibulo?"

Ena amene adziwa Malembo amati m'Baibulo momwe muli mau olimba. Ndi zoona, ndipo sitiyenera kubisa. Ezekieli 16 ndi 23 ndi mitu yobvuta kuiwerenga pa guwa. Pa 2 Mafumu 18:27 kazembe wa Asuri aopseza anthu a m'Yerusalemu ndi mau ocititsa nseru. Koma mauwo aikidwa kuti tione kuipa kwa cimo ndi kudzikuza kwa mdani, ndipo palibe amene amaseka powawerenga. Taonaninso mmene olemba Malembo acitira pamene munthu watemberera. 1 Samueli 17:43 itiuza kuti Goliati anatemberera Davide pochula milungu yake, koma temberero lenilenilo silinalembedwe. Marko 14:71 itiuza kuti Petro anayamba kutemberera ndi kulumbira pokana Ambuye wake, koma matembererowo sanalembedwe. Kodi ndime imeneyo yacepa mphamvu? Timamva kulira kwa tambala, timaona Petro akulira, ndipo mtima umasweka. Ameneyo ndiye mphunzitsi wa mlembi Wacikhristu: onetsa kuti munthu wagwa, koma usacititse wowerenga kuyamba watafuna matope amene wagweramo.

"Makolo athu anali kulaula"

Mfundo iyi ndiyo yamphamvu kuposa zonse. Amati m'nyimbo zina za Gule Wamkulu muli zolaula, ku cinamwali alangizi amachula zinthu ndi maina ake, ndipo pa maliro Angoni ndi Abemba amanyozana mwa cimbuya popanda wokwiya. Zonsezi ndi zoona. Mpingo uli ndi ciweruzo cake pa ina mwa miyambo imeneyi, ndipo si nkhani ya lero. Cimene ndifuna muone ndi cakuti makolo anaika mpanda. Mau otere anali ndi malo ake, nthawi yake ndi anthu ake. Za ku cinamwali zinali kutsala m'nyumba ya cinamwali. Wa cimbuya amadziwa amene angamunyoze, ndipo sangayese kunena mau omwewo kwa apongozi ake. Munthu wotulutsa mau a kumeneko ndi kuwanena pa bwalo masana anali kuchedwa wopanda mwambo.

Tsono nthano sizinali m'kati mwa mpanda umenewo. Nthano inali ya madzulo, pa moto, ana ndi akulu pamodzi, ndipo omvera anali kubvomereza kuti tili tonse. Julius Chongo, amene nkhani zake za Poceza m'Madzulo zinali kumveka pa Radio Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, anali kusimba za afiti, akuba ndi anthu oipa mtima pa wailesi imene banja lonse linali kuizungulira. Mphamvu yake inali m'miyambi, m'kusintha mau ndi m'Cinyanja cakuya cimene cinali kucititsa munthu kuona fumbi likuti koboo. Ernst Wendland, amene anali wa ku seminale ya Lutheran ku Lusaka, anasonkhanitsa zina mwa nkhanizo m'buku, ndipo amene afuna kuphunzira kulemba ayambire pamenepo.

Buku lilibe mpanda. Kope la mnyamata uja likafika kunyumba, mng'ono wake wa zaka 9 adzalitsegula. Nkhani ikaikidwa pa WhatsApp usiku, m'mawa yafika ku Chalimbana, ku Rufunsa ndi ku Chipata, m'manja mwa anthu amene mlembi sadzawaona. Wolemba sangasankhe omvera ake monga acitira alangizi a ku cinamwali.

Cizungu cimatinyenga

Palinso cina. Mau otukwana a Cizungu satipweteka kwenikweni, cifukwa sitinakule nao. Timawawerenga ngati dzina la sopo. Ndiye cifukwa cake wacinyamata amene sangayerekeze kutukwana m'Cisoli kapena m'Cinyanja pamaso pa ambuya ake amalemba mau omwewo m'Cizungu pa Facebook osagwidwa ndi manyazi. Mnyamata wathu anangocita cinthu cimodzi: anawatembenuzira m'cilankhulo ca kwathu, ndipo onse anamva fungo lake lenileni. Kutukwana kwathu kumabvula munthu, ndipo kawirikawiri wobvulidwayo ndi mai. Alongo atatu aja anatuluka cifukwa thupi limene linali kusekedwa ndi longa lao, ndipo sanalakwe.

Tikumbukirenso kuti mabuku a Cinyanja ndi owerengeka. Amene alemba m'Cizungu akathira zonyansa, athira m'nyanja yaikulu. Ife tili ndi citsime cimodzi pa mudzi. Nkhani zimene mbadwo uno udzalemba ndizo zimene ana athu adzaphunziramo kuti Cinyanja colembedwa cimaoneka bwanji. M'mera mpoyamba.

Tsono ticite ciani?

Kwa inu olemba ndikuti musaleke. Msilikali wanu akhale woipa ndithu. Aponde mkondo wa atate a mtsikanayo, aseke umasiye wake, amufunse ngati kwao kunatha amuna. Mungalembe kuti anatukwana kufikira mbalame zinathawa mu mtengo, ndipo wowerenga adzamva zonse. Njira imeneyi ndi yobvuta kuposa kuponya liu limodzi lonyansa, koma ndiyo nchito ya mlembi. Mukatha, werengani mokweza ngati kuti amai anu ndi mng'ono wanu akhala pamphasa patsogolo panu. Pamene lilime lakana, colembera naco cikane.

Kwa inu owerenga ndikuti yesani buku monga muyesera bwenzi. Ngati mutatha kuliwerenga mupeza mau ake akutuluka m'kamwa mwanu pamene mwapunthwa pa mwala, dziwani kuti lakuphunzitsani kanthu. Aefeso 4:29 ndi Akolose 3:8 atiletsa kutulutsa zonyansa m'kamwa, ndipo sindikhulupirira kuti Paulo akanamasula dzanja pa cimene anamanga pakamwa.

Kwa atsogoleri anzanga ndikuti tisathamangire cilango. Mnyamata amene wakhala usiku ndi nyali kulemba masamba ambiri m'Cinyanja, anzake ali ku mabala, ndi cuma ca mpingo. Tikamucititsa manyazi adzapitiriza kulemba, koma sadzationetsanso. Ine ndinamubwezera kope lake ndi kumupempha kuti akonze tsamba limodzi lokha, ndipo wabvomera kudzatiwerengeranso pa msonkhano wa mwezi wa mawa. Ndapempha alongo atatu aja kuti adzakhale kutsogolo, pakuti nafenso tifuna kudziwa ngati madzi anabwerera mu mtsinje.

Kambiranani nkhani iyi m'magulu anu, ndipo amene atsutsa alembere Mkonzi. Ambuye akudalitseni nonse.

Ine mnzanu mu utumiki wa acinyamata,
Chongwe