Mwana Akafunsa za Maenje Akuda, Musamutseke Pakamwa

Usiku wina ku Kawale magetsi atazima, mnyamata wa Fomu 4 wochokera kunyanja anafunsa amalume ake amene amamusunga: "Kodi n'zoona kuti chilengedwe chathuchi chinabadwira m'dzenje lakuda la chilengedwe china?" Nkhaniyi anaiona pafoni. Amalumewo anamukalipira kuti zimenezo n'zaukafiri, namulanda foniyo. Ndinena mosapsatira mawu kuti analakwa, ndipo makolo ambiri ku Biwi, ku Chinsapo ndi kumudzi komwe tikulakwa chimodzimodzi.

Maenje akuda alipodi. Nyenyezi yaikulu kwambiri ikatha moto imadzigwera yokha, n'kusiya malo okoka mwamphamvu kotero kuti ngakhale kuwala sikutulukamo. Mu April 2019 akatswiri anaonetsa chithunzi choyamba cha dzenje lotere, la m'khamu la nyenyezi lotchedwa M87, lolemera ngati madzuwa 6.5 biliyoni.

Koma zimene mnyamatayo anamva ndi ganizo chabe, monga la Lee Smolin wa ku America. Analilemba mu 1992, n'kulitambasula mu 1997 m'buku lake The Life of the Cosmos. Iye akuti m'dzenje lakuda lililonse mumabadwa chilengedwe chatsopano, chokhala ndi malamulo osiyana pang'ono ndi a kholo lake. Chilengedwe chopanga maenje ambiri chimabereka ana ambiri, motero mtundu wake umachuluka, monga mmene Charles Darwin anafotokozera za zamoyo.

Apa m'pamene amalume akanayankha, pakuti ganizoli lili ndi mabala oonekera. Msodzi wa ku Makanjira amaona chambo chitafungatira ana m'kamwa. Kholo ndi mwana onse ali pamaso pake. Koma chilengedwe chachiwiri palibe anachionapo, ndipo zolowa m'dzenje lakuda sizibwerera kudzachitira umboni.

Chachiwiri, Smolin mwiniwake anaika muyeso wotsutsira ganizo lake, ndipo pamenepa n'ngoyamikika. Anati nyenyezi za neutron, zimene zimatsala pang'ono kusanduka maenje akuda, siziyenera kulemera kupyola madzuwa 1.6. Mu 2010 inapezeka ina yolemera madzuwa 1.97. Malire atakankhidwira pa madzuwa awiri, zinapezekanso zooneka kuti zapitirirako pang'ono. Ganizoli tsopano likutsimphina.

Chachitatu, ngakhale litakhala loona, kholo loyamba linachokera kuti? Nanga lamulo loti mwana afanane ndi kholo analiika ndani? Funso la chiyambi langosunthidwa, silinayankhidwe, ndipo wokhulupirira Mlengi alibe chifukwa chonjenjemera.

Choopsa chenicheni ndi ukali wathu. Mwana wokalipiridwa sasiya kufunsa. Amangosiya kufunsa ife. Amakabwereka foni ya mnzake ku Area 23, kumene kanema wa mphindi imodzi amamuuza zongoganizira ngati zotsimikizika, ndipo mumtima amagamula kuti akulu ake akuopa chifukwa alibe yankho. Ife amene timapenyetsetsa kumwamba kufuna mwezi wa Ramadhan, tingaletse bwanji mwana kuyang'ana thambo lomwelo? Ibn al-Haytham, Msilamu amene analemba za kuwala ku Cairo zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ankayesa zonena za akatswiri akale asanazivomereze.

Amalume, m'bwezereni mwanayo foni yake. Khalani naye pakhonde, mum'phunzitse mafunso atatu: wanena ndani, umboni wake uli kuti, ndipo n'chiyani chingamutsutse? Mwana wodziwa mafunso amenewa sanganamizidwe ndi kanema aliyense.