Geti Silitseguka Lokha

Abale ndi alongo a kuno ku Zimbabwe, a ku Malawi, ku Chipata, ku Tete ndi ku Lichinga, pali chiganizo chimodzi chimene chimamveka paliponse pamene galu waluma munthu. Mwini galu amati: "Pepani, geti linatseguka." Wina amati: "Unyolo unaduka." Ife amene tinaphunzira za kapangidwe ka ziyankhulo timadziwa ntchito ya kachidutswa ka -ka kamene kali kumapeto kwa aneni amenewa. Tikati "mbale yasweka", woswayo sitimutchula, ndipo malo omuikapo m'chiganizomo palibe. Tikati "mbale yaswedwa", funso limabwera lokha: yaswedwa ndi yani? Eni agalu ambiri amasankha mneni woyambayo chifukwa amawabisa. Ine ndikuti geti silitseguka lokha. Pali munthu amene sanalitseke, ndipo mlandu ndi wake.

Kuno ku Bulawayo nkhaniyi si yongoyerekeza. Mu 2022, bambo wina wa ku Selborne Park anaphedwa ndi agalu ake omwe a mtundu wa boerboel pakhomo pake. Mu 2025, ku Harare, bambo wina anafa atalumidwa ndi agalu a woyandikana naye, ndipo mwini agaluwo anamangidwa. Pakati pa imfa zimene zimalembedwa m'nyuzipepala pali mabala ochuluka amene amathera ku chipatala cha Mpilo osamveka kwina kulikonse. Olumidwawo kawirikawiri ndi oyenda pansi: mwana wopita kusukulu, mayi wogulitsa masamba, mlonda woweruka mbandakucha, wosamalira maluwa amene wachoka ku Makokoba kapena ku Sizinda kukagwira ntchito ku Burnside ndi ku Hillside. Ambiri mwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique timazidziwa ntchito zimenezi, chifukwa ndi zimene zinatilera.

Pitani ku Hillside Dams kapena ku Centenary Park Loweruka masana. Mudzaona mabanja atayala nsalu pa kapinga, ana akuthamangitsana, ndipo mwina mudzaonanso munthu atakulunga chingwe m'manja, galu wake ali kutali. Mukamufunsa adzati: "Musaope, saluma ameneyu." Mawu amenewa ali ndi mbali imene yasiyidwa. Chimene akutanthauza n'chakuti galuyo sanamulumepo iyeyo. Galu amadziwa fungo la mbuye wake. Fungo la mwana wanu salidziwa. Paki ndi ya anthu onse, ndipo amene wamasula galu m'menemo watenga malo a onse n'kuwasandutsa bwalo la kunyumba kwake.

Malamulo alipo. Khonsolo ya mzinda wa Bulawayo imafuna kuti galu akhale ndi layisensi ndi katemera wa chiwewe, kuti asamayendeyende popanda womuyang'anira, ndiponso kuti pamalo osakwana masikweya mita 2,000 pasasungidwe agalu oposa awiri. Nthawi ndi nthawi khonsoloyi imalengeza lamulo limene amalitcha tie-up order, ndipo m'masiku amenewo galu wopezeka akuyendayenda amawomberedwa. Apa ndi pamene ndikusiyana nawo. Chipolopolo chimapeza galu, koma amene analakwa ali m'nyumba akumwa tiyi. Pakatha mwezi amagula kagalu kena, geti lija likadali lomangidwa ndi waya. Tapha nyama imene sidziwa lamulo, tasiya munthu amene amalidziwa.

Makolo athu nkhaniyi anaithetsa kale. Mbuzi zikadya chimanga cha mnzako, amfumu saitanitsa mbuzi kubwalo. Amaitanitsa mwini wake, ndipo iye ndiye amalipa. Lamulo la makhoti a kuno, limene linachokera ku malamulo a Aroma ndi a Adatchi, likunena chimodzimodzi. Pali njira imene maloya amaitcha actio de pauperie, yolola wovulazidwa ndi chiweto kusumira mwini wake popanda kuyamba watsimikizira kuti mwiniyo anachita mphwayi. Mu 2020, khoti lalikulu la apilo ku South Africa linagamula nkhani ya bambo amene anaduka mkono atalumidwa ndi agalu atatu mumsewu ku Port Elizabeth. Mwini agalu anati munthu wosadziwika ndiye anatsegula mageti. Khoti linakana chifukwa chimenecho ndipo linati mlandu ndi wake ndithu. Koma wosamalira maluwa wa ku Njube ndalama ya loya aipeza kuti? Ndipo angasumire bwanji bwana amene amamulipira malipiro? Lamulo limene wosauka sangalifikire limangokongoletsa buku.

Ena adzati akuba achuluka, ndipo galu ndiye mlonda wa amene alibe ndalama ya alamu. N'zoona, ndipo palibe akuti agalu athe. Koma mlonda amalonda mkati mwa mpanda. Galu amene ali mumsewu sakulonda kanthu, ndipo amene amakumana naye poyamba si wakuba, ndi mwana wa mnansi. Ena akuti tiletse mitundu yoopsa, monga anachitira a ku Britain ndi lamulo lawo la 1991. Mwina n'kothandiza pang'ono, koma munthu wamphwayi mukamulanda pit bull adzasunga boerboel, ndipo mphwayi zake sizinasinthe.

Palinso chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa agalu. Zizindikiro zikangoyamba, kuchira n'kosowa kwambiri. Ku Blantyre, bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera kuyambira 2015, pofuna kufikira agalu 70 mwa 100 alionse, chifukwa ndi mlingo umene umadula matendawa. Ntchitoyo imayenda pamene eni agalu atenga ziweto zawo kupita nazo kobayira. Kumenekonso nkhani yagona pa mwini.

Choncho ndikupempha zitatu. Khonsolo itsate mwini galu ndi chindapusa chowawa ndi kumulanda ufulu wosunga galu, chaka chonse, m'malo modikira nyengo ya mfuti. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, akanenenso kupolisi, ngakhale galuyo ali wa bwana kapena wa mkulu wa mpingo. Ndipo ife tonse tisinthe kayankhulidwe. Wina akati "geti linatseguka", timufunse mwaulemu, koma pamaso pa anthu: "Bambo, amene anayenera kulitseka ndani?"