"Brief" ndi "concise" si mapasa ai

Ambiri a ife tikamva mau a Cizungu akuti "brief" ndi "concise" timati ni cimodzimodzi cabe, onse atanthauza kufupikitsa nkhani. Koma pali kusiyana, ndipo mvula ikayamba mu komboni, kusiyana kumeneku kungapulumutse moyo.

"Brief" anacokera ku liu la Cilatini lakuti brevis, kutanthauza cacifupi. Limangopima utali wa nkhani kapena nthawi, silifunsa ngati womvera watolapo kanthu. "Concise" anacokera ku concidere, kudula. Apa munthu wadula zosafunika zonse, koma mfundo yatsala yathunthu.

Mverani makondakita pa Kulima Tower kapena pa City Market. Wina angokuwa ati, "Tiyende! Tiyende!" Uyo ali brief. Tiyende kuti, mwandini? Mnzake ati, "Matero, awiri cabe, yanyamuka manje!" Mau ni ocepa, koma mwadziwa kumene basi ipita, mipando yotsala, ndi kuti simudzacedwa pa steshoni. Uyo ali concise, ngakhale kuti kutsala kwa awiriwo nthawi zina ni nkhani ina.

Manje tiyeni ku nkhani ya kolera. Mu October 2017 matendawa anabuka mu Lusaka, ndipo Kanyama inavutika kwambiri. Mu January 2024 National Heroes Stadium inasanduka cipatala ca odwala kolera, ndipo masukulu, m'malo motsegula pa 8 January, anatsegula pa 12 February. Nthawi zotere uthenga umene timamva kawirikawiri ndi wakuti, "Sungani ukhondo." Ni wacifupi, inde. Koma mai wa ku Chawama kapena ku George amene atunga madzi pa citsime cosazama, pafupi ndi cimbudzi cokumba, acite ciani akafika kunyumba?

Uthenga wa concise ungati: "Wiritsani madzi akumwa kapena ikamoni klorini. Sambani m'manja ndi sopo mukacoka ku cimbudzi komanso musanadye. Wina akayamba kutsegula m'mimba, mupatseni madzi a moyo ndipo thamangirani naye ku kiliniki, osayembekeza kuti kuce." Watalikako pang'ono, koma palibe liu lotaya.

Ena adzati anthu alibe nthawi yowerenga zambiri, makamaka pa foni mu basi yodzaza. Nizoona. Koma mankhwala ake ndi kucotsa malonje ataliatali ndi maina a maudindo, osati kucotsa tsiku, malo ndi cocita. Cidziwitso cakuti "madzi adzavuta" popanda kunena liti, kuti, ndi mpaka liti, cisiya munthu ndi zigubu zopanda kanthu.

Conco inu makhansala, a zaumoyo, ndi acinyamata olemba makalata ofunsira nchito, musanatumize uthenga dzifunseni funso limodzi: wowerenga akatsiriza, adziwa cocita? Ngati sadziwa, bwererani mukalembenso.